Zala za kumsana

Lamulungu la pa 13 Julayi 2025 ndinazemba msonkhano wa amayi kutchalitchi. Ndinauza amayi apampando kuti ndasiya nyemba pamoto, chonsecho ndinkathamangira TV. Ku London inali 1 koloko masana, kwathu kuno 2 koloko, ndipo pabwalo lalikulu la Wimbledon, lija amati Centre Court, pankalowa amayi anayi kudzalimbirana chikho cha tenesi ya awiriawiri. Blantyre ankazizira monga mwa nthawi zonse mu Julayi, moti ndinakhala pampando nditadzikulunga zitenje ziwiri. Mwana wanga wamwamuna anasuzumira pabalaza, n'kufunsa kuti, "Amayi, Alcaraz ayamba nthawi yanji?" Nditamuuza kuti fainolo ya amuna ya mmodzimmodzi, imene Alcaraz ankasewera, iyamba 5 koloko, anati ndidzamudzutse tenesi yeniyeni ikayamba.

Tenesi yeniyeni! Sindinamuyankhe, poti si iye yekha amene amaganiza choncho. Kwa zaka zambiri eni mpikisanowo ankaika fainolo ya awiriawiri kumapeto, akatswiri a mmodzimmodzi atatha kale, anthu atanyamula zikwama kuthamangira sitima. Chaka chimenechi m'pamene anasintha n'kuiika koyambirira, kuti mwina mipando isakhale yopanda anthu.

Mbali imodzi kunali Veronika Kudermetova wa ku Russia ndi Elise Mertens wa ku Belgium. Mbali inayo kunali Jelena Ostapenko wa ku Latvia ndi Hsieh Su-wei wa ku Taiwan. Munthu wongoona maina sangadziwe chimene chinandithawitsa kutchalitchi. Mu 2021, pabwalo lomweli, mufainolo ngati yomweyi, Kudermetova ankasewera ndi mnzake wa kwawo Elena Vesnina, ndipo kawiri konse anatsala ndi pointi imodzi yokha kuti anyamule chikho. Chinawapulumuka m'manja. Seti yomaliza, chigawo chachitatu cha masewerowo, inatha 9-7 powerenga magemu, amene ndi tizigawo ta seti, ndipo amene anawalanda chikhocho anali Mertens ndi Hsieh. Tsopano patapita zaka zinayi, Mertens yemwe uja wasamukira mbali ya Kudermetova, ndipo akufuna kugwetsa Hsieh, amene anapambana naye limodzi kuno mu 2021 komanso ku Australia mu 2024. Munthu amene anakuliritsa pamaso pa dziko lonse, lero waima patsogolo pako, wakufulatira, ndipo akukuuza ndi zala zake kumene uponye mpira. Ndipo iwe ukumumvera.

Ndifotokoze pang'ono za zalazi, chifukwa ife a dziko la ntchemberembaye ambiri tenesi timangoiona podutsa. Bwalo lake ndi lotalika mamita 23.77. Akamasewera mmodzimmodzi, mulifupi mwake ndi mamita 8.23, koma akakhala awiriawiri amawonjezera tinjira tiwiri ta m'mbali, kalikonse ka mamita 1.37, n'kufika mamita 10.97. Taonani masamu akewo: anthu awirikiza, koma bwalo langokula pang'ono. Malo opanda munthu amachepa kwambiri, ndiye kumenya mwamphamvu pakokha sikukuthandiza. Wina akamaseva, ndiye kuti kumenya mpira woyambitsira pointi, ali kumzere wakumbuyo, mnzake amawerama pafupi ndi neti, nkhope ataloza kwa adani. Sangacheuke. Asanamenye mpira mnzakeyo, wapanetiyu amaika dzanja kumsana, pamene adani sangaone, n'kuloza ndi chala mbali imene mpira upite. Kenako amakunga chibakera, kutanthauza kuti ndikhala pomwepa, kapena amatambasula chikhatho, kutanthauza kuti ndidumphira mbali yako, iwe uthamangire kwanga. Wosevayo amavomera ndi mawu amodzi, kapena kukana. Zikatero mpira umadutsa pafupi ndi khutu lako pa liwiro loposa la minibasi ya pamsewu wa Zalewa, iwe osauona, kungomva mphepo yake.

Ine malo anga ndi apaneti pamenepo. Ndine wamfupi, sevisi yanga ndi yomvetsa chisoni, koma manja anga ndi ofulumira. Ndinayamba kusewera ndili wamkulu kale, pakalabu ina kuno ku Blantyre imene bwalo lake la simenti lili ndi mng'alu wodutsa pakona, ndipo mpira ukagwa pamenepo umalowera kumene ukufuna wokha. Amene anandikokera kumeneko anali alamu anga, akazi a achimwene. Iwo anaphunzira tenesi kusekondale ya atsikana, ndi aatali, ndipo akamenya mpira umalira. Kwa zaka zisanu Loweruka lililonse m'mawa tinkakhala mbali imodzi, ine kutsogolo, iwo kumbuyo. Tinafika poti zala zinali zongokwaniritsa mwambo. Ndinkadziwa ndi kapumidwe kawo kuti mpira ukupita kuti.

Kenako banja lawo ndi achimwene linatha. Sindilowa m'zifukwa zake, si zanga. Changa n'chakuti tsiku la ankhoswe ndinayankhula mawu amene sindinafunsidwe, poikira kumbuyo magazi anga, ndipo alamuwo anangondiyang'ana osayankha. Zaka ziwiri zinadutsa. Tikakumana kumaliro tinkapatsana moni wa pakamwa pokha. Kukalabu iwo anapeza mnzawo wina, inenso wina, ndipo tinkayesetsa kuti nthawi zathu zisamagundane.

Ndibwereranso kwa iwo. Ndiyambe ndanena za mayi wina amene anthu a kuno kum'mwera kwa Africa tinayenera kumudziwa ngati mmene timadziwira osewera mpira wamiyendo a ku England.

Amayi anga anabadwira ku Harare, nthawi imeneyo kuli Salisbury. Agogo anga aamuna anali m'gulu la aja anachoka ku Nyasaland kukasaka ntchito, ndipo anakalamba akutchetcha kapinga m'nyumba za azungu. Azakhali ena anatsala komweko mpaka lero, Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chishona. Ndi iwo amene anayamba kunditchulira dzina la Cara Black, ndili mtsikana, pamene ndinapita kukawachezera. Sankaitsata tenesi, koma dzinalo linkamveka pawailesi kawirikawiri moti analiloweza.

Cara Black anabadwira mumzinda womwewo mu 1979. Bambo ake, Don Black, anasewerapo ku Wimbledon m'zaka za m'ma 1950, ndipo atabwerera kwawo anakonza mabwalo a kapinga pakhomo pawo, pamalo pomwe ankalimanso mapeyala. Ana awo atatu, Byron, Wayne ndi Cara, anakulira pamabwalo amenewo, ndipo onse atatu anadzakhala akatswiri odziwika. Sindibisa: ndikamaganiza za mwana amene akutuluka m'nyumba n'kupeza bwalo la kapinga likumudikira, ndimakumbukiranso agogo anga ndi chikwanje chawo, amene kapinga ankamudziwa bwino kuposa aliyense koma sanagwirepo raketi. Dziko lake linali lotero. Koma zimenezo sizichotsa kanthu pa manja a Cara. Pa YouTube pali kavidiyo kamene waima pafupi kwambiri ndi khoma, akumenya mpira osaulola kugwa pansi, kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, mofulumira moti maso amalephera kuutsata. Ndinayesapo pakhoma la kukhitchini kwathu. Ndinafika kasanu ndi kawiri, kachisanu ndi chitatu mpira unagwera mumphika.

Mu 2004 Cara anapambana chikho cha amayi awiriawiri ku Wimbledon ali ndi Rennae Stubbs wa ku Australia. Mufainolo anagonjetsa Ai Sugiyama wa ku Japan ndi Liezel Huber, mayi wobadwira ku Durban. Chaka chotsatira, 2005, Cara anabweranso kudzateteza chikhocho, koma pambali pake panali Huber yemwe uja anamuliritsa. Anakumana mufainolo ndi Svetlana Kuznetsova ndi Amélie Mauresmo, akatswiri awiri a mmodzimmodzi amene aliyense payekha akanatha kumugonjetsa Cara, koma awiri a kum'mwera kwa Africa anawakwapula 6-2, 6-1. Mtsikana wa ku Harare ndi mtsikana wa ku Durban, pabwalo lolemekezeka kuposa onse. Anabwerezanso mu 2007, chaka chimene anatenganso chikho cha ku Australia, ndipo mu 2008 anatenga cha US Open. Huber anadzatenga unzika wa America mu 2007, koma Cara anakhalabe pansi pa mbendera ya Zimbabwe, pa zaka zomwe ndalama ya dzikolo inkasanduka mapepala ndipo azakhali ankatitumizira uthenga woti tiwapezere sopo ndi mafuta ophikira. Cara anakhala nambala wani padziko lonse pa awiriawiri kwa masabata 163, zaka zitatu ndi kanthu. Zikho za amayi awiriawiri zimene anapambana m'mipikisano ikuluikulu ndi ing'onoing'ono zinakwana 60. Pa awiriawiri osakaniza mwamuna ndi mkazi anatenga zikho zonse zinayi zikuluzikulu, cha Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open, ziwiri ali ndi mchimwene wake Wayne, zitatu ali ndi Leander Paes wa ku India, poti cha Wimbledon anachitenga kawiri.

Funsani anthu khumi pa Ginnery Corner kuti Cara Black ndani. Ndiye muwafunsenso dzina la goloboyi wachiwiri wa Arsenal.

Black ndi Huber anapatukana mu 2010, ndipo zimenezi n'zosadabwitsa m'masewerawa. Palibe kalabu imene imakugula, palibe kochi amene amakusankhira mnzako. Osewera amafunsirana okha, nthawi zina pafoni, nthawi zina m'chipinda chosinthira zovala, n'kugwirizana kuti tiyese chaka chino. Zikapanda kuyenda, kapena wina akapeza wabwinopo, amasiyana. Munthu wolusa angati ndi chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Kale inenso ndinkaona choncho, ndipo n'chifukwa chake ndinkakonda kwambiri Venus ndi Serena Williams. Amenewo ndi a bere limodzi, sankafunika kufunsirana. Anasewera mafainolo 14 a awiriawiri m'mipikisano inayi ikuluikulu ija, ndipo sanaluzepo ngakhale imodzi. Awiri mwa mafainolo amenewo, US Open ya 2009 ndi Australian Open ya 2010, anagonjetsa Black ndi Huber amene. Ku Olimpiki anatenga golide katatu. Mu 2016 Serena anapambana fainolo ya mmodzimmodzi ku Wimbledon, n'kubwereranso pabwalo tsiku lomwelo kudzatenga chikho china ndi mkulu wake. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo kuwaona awiriwo akunong'onezana pakati pa bwalo kunali kokoma.

Koma pano ndimaona kuti zawozo n'zosavuta kuzimvetsa. Kukhulupirira munthu amene munayamwa bere limodzi, ndani angadabwe? Chimene chimandigwira mtima masiku ano ndi enawa, amene palibe chowamanga. Amasiyana zilankhulo, amasiyana mayiko, ena anakhumudwitsanapo, ndipo onse akudziwa kuti chaka chamawa akhoza kukhala mbali zosiyana. Komabe lero, kwa maola awiri, wina amafulatira mnzake n'kumusiyira msana. Cara yemweyo, atabereka mwana mu 2012 n'kubwerera pabwalo, anagwirizana ndi Sania Mirza wa ku India, ndipo mu 2014 ku Singapore anatenga chikho chotsekera chaka cha WTA, bungwe loyendetsa tenesi ya amayi. Mufainolo anagonjetsa Peng Shuai ndi mnzake 6-1, 6-0. Mnzakeyo anali Hsieh Su-wei, yemwe uja ndinkamuona pa TV Lamulungu lija, patapita zaka 11, ali ndi zaka 39, akusewerabe.

Hsieh ndi wosiyana ndi wina aliyense. Ndi wochepa thupi, amagwira raketi ndi manja awiri mbali zonse, ndipo samenya mpira, amangouuza kopita. Ukamayembekezera kuti aumenya mwamphamvu, amaugwetsa pafupi ndi neti ngati akuika dzira m'mbale. Ukathamangira kutsogolo, amaukweza pamwamba pa mutu wako. Mnzake Ostapenko, amene anapambana French Open ya mmodzimmodzi mu 2017, ndi moto: mpira uliwonse amaumenya ngati unamulakwira, ndipo ukalowa palibe wougwira, koma ukaphonya umapita kutali ndithu. Kuwaika pamodzi kuli ngati kumanga ng'ombe yaukali ndi mphaka pagoli limodzi. Seti yoyamba zinawayendera, anaitenga 6-3. Yachiwiri Kudermetova ndi Mertens anabweza 6-2.

Apa magetsi anazima.

Ndinakhala mumdima wa masana, ndikutukwana chamumtima mawu osayenera munthu amene wangochoka kutchalitchi. Ndinatsegula foni, bandulo inali itatsala pang'ono, ndiye ndinkangotsata manambala okha akusintha pasikirini. M'seti yachitatu Hsieh ndi Ostapenko anatsogola 4-2. Ndinayamba kumumvera chisoni Kudermetova, kuti kodi mayi ameneyu bwalo limeneli linamulodza?

Pamene ndinkadikira manambalawo m'pamene ndinakumbukira tsiku lija kukalabu. Kunali kampikisano kathu ka pachaka, kopanda mphotho yeniyeni, kamene maina amalembedwa patimapepala n'kuponyedwa m'chipewa. Dzina langa linatuluka pamodzi ndi la alamu. Anthu amene ankadziwa nkhani yathu anayang'ana pansi. Ndinaganiza zonamizira bondo, koma manyazi anandigwira. Tinalowa m'bwalo osayang'anana.

Aliyense wosewera awiriawiri amadziwa kuti malo oopsa si m'mbali ayi, ndi pakati. Neti ndi yotsika pakatipo kuposa m'mapeto, ndiye mpira umadutsa mosavuta, ndipo ukagwa pakati pa anthu awiri aliyense amaganiza kuti ndi wa mnzake. Adani athu tsiku limenelo, amayi awiri achikulire odziwa kuwerenga nkhope, anaona msanga pamene pali bala. Mpira uliwonse ankauponya pakati. Woyamba tonse tinausiya. Wachiwiri tonse tinauthamangira, maraketi n'kuombana. Wachitatu tinausiyanso, ukudutsa pakati pathu pang'onopang'ono ngati nkhuku yodziwa kuti palibe woithamangitsa. Ine paneti manja ndinali nditangowasiya pamaondo, osapereka chizindikiro chilichonse. Seti yoyamba tinaluza 6-1.

Posinthana mbali, tikumwa madzi aliyense kumapeto kwake kwa benchi, iwo anayankhula akuyang'ana zingwe za raketi yawo.

"Alamu, wapakatiwu ndi wanu kapena wanga?"

Ukwati unali utatha zaka ziwiri zapitazo. Panalibe lamulo lililonse lowakakamiza kunditchula choncho. Ndinameza madzi movutikira, n'kunena kuti, "Ukabwera m'mwamba ndi wanu, alamu. Wam'munsi ndisiyireni."

"Ndiye dzanjalo muziika kumbuyo. Ine sindilota."

Gemu yotsatira anali oseva ndi iwo. Ndinawerama paneti, n'kuika dzanja kumsana. Linkanjenjemera. Ndinaloza pakati, kenako n'kutambasula chikhatho. Kumbuyo kwanga ndinamva "eya" wapansipansi, kenako mpira ukugunda pansi katatu monga ankachitira kale, kenako mphepo ija pakhutu. Ndinadumpha ndisanaone kuti mpira wabwezedwa bwanji, ndipo unandipeza pa raketi. Masewerowo tinaluzabe, musaganize kuti ndikusimba nthano. Za tsiku la ankhoswe sitinakambepo, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake. Ana awo amabwera kwathu patchuthi, achimwene anakwatiranso, ndipo nkhani zina zimangokhala pomwe zinagwera.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandinyansa ndi mmene akuluakulu a tenesi amaonera masewerawa. M'mipikisano wamba ya WTA, awiriawiri anawadula miyendo kuti asamadye nthawi. Gemu ikafika 40-40, pointi imodzi yokha ndi imene imagamula. Akagawana maseti, sasewera yachitatu, amangothamangitsana kufika mapointi 10 basi. Ndi m'mipikisano inayi ikuluikulu mmene amayi amaseweramo maseti atatu athunthu, ndipo n'chifukwa chake nkhani ngati ya 9-7 ija inatheka. Za ndalama ndiye musanene. Chaka chimenechi Iga Świątek, amene dzulo lake anapambana fainolo ya mmodzimmodzi 6-0, 6-0 ola lisanakwane, analandira mapaundi 3 miliyoni. Opambana pa awiriawiri ankayembekezera mapaundi 680,000, oti agawane pawiri. Kwa ine ndi inu ndi chuma choti sitingachiwerenge n'komwe, koma kusiyanako kukuuzani amene eni ake amamuona ngati mwana wa m'nyumba. Amati anthu salipira kuti adzaone awiriawiri. Mwina n'zoona. Koma munthu angakonde bwanji chinthu chimene amachionetsa iye atapita kale kukagona? Martina Navratilova ndi Pam Shriver anapambana masewero 109 motsatizana pakati pa 1983 ndi 1985, ndipo mu 1984 anasesa zikho zonse zinayi. Akanakhala munthu mmodzi, bwenzi ana asukulu akumuloweza.

Chodabwitsa n'chakuti m'makalabu, kuno ngakhale kwina, anthu wamba ambiri amasewera awiriawiri. Mabwalo ndi ochepa, mawondo ndi okalamba, ndipo mipira ndi yodula moti kuigawana anayi kumapepuka. Timasewera zimenezi Loweruka, koma Lamulungu tikakhala pa TV timati tenesi yeniyeni ndi inayo.

Manambala pafoni anasintha: 4-3. Kenako 4-4. Ndinaimirira, zitenje n'kugwa. 5-4. Magetsi anabwera pamene zonse zinali zitatha, TV ikuyaka pang'onopang'ono, n'kundionetsa Kudermetova ndi Mertens atakumbatirana pakapinga. Anatenga magemu anayi motsatizana, seti n'kutha 6-4. Kwa Kudermetova chinali chikho chake choyamba cha mipikisano ikuluikulu, ndipo anachilandira ali pambali pa munthu amene anamulanda china pamalo omwewo. Hsieh anabwera paneti kudzawagwira chanza, n'kukumbatira Mertens, mnzake wakale.

Mwana wanga anatuluka kuchipinda akuyasamula, n'kufunsa ngati zayamba. Ndinamupatsa rimoti, n'kupita kukhitchini kukateleka nyemba zija ndinanamizira. Foni inalira ndili pambaula. Anali alamu.

"Mwaonera? Kwathu anazimitsa pa 4-2."

Ndinayankha kuti kwathunso anazimitsa, koma a Mertens awina.

"Chabwino. Loweruka 7 koloko. Mubwere ndi mipira yanu, yanga yatha ubweya."